Mmene Mungabwezere Hatchi Yokalamba pa Ntchito Yophunzitsira Kukwera Itavulala

Pasukulu yophunzitsa anthu kukwera hatchi, imene imadalirika koposa kawirikawiri ndi hatchi yachikulire, ya zaka 18 kapena kupitirira 20, yomwe inazolowera kunyamula ana ndi akuluakulu amantha ndipo sidzidzimuka ngakhale wokwerayo atakuwa kapena kutaya zingwe. Hatchi yotereyi ikavulala, ntchito ya sukulu yonse imasokonekera, popeza sipapezeka ina yoti n'kukwezapo munthu amene akuyamba kumene, ndipo mwini sukulu amayamba kuwerenga masiku ndi ndalama zimene zikumudutsa. Ngozi yachiwiri, yomwe nthawi zambiri imaposa yoyamba, imachokera pa kuwerenga kumeneku. Hatchi imaleka kutsimphina kukadali miyezi yambiri kuti chovulalacho chipole, ndipo hatchi yofatsa, imene moyo wake wonse yaphunzitsidwa kumvera, imapitiriza ntchito ngakhale ikumva ululu. Choncho amene ali ndi udindo woibwezera m'bwalo asadalire maonekedwe ake kapena kumvera kwake, koma adalire zimene dokotala wa ziweto wapeza, zimene dzanja lake likumva pamwendo m'mawa uliwonse, ndi masabata amene alembedwa pakalendala.

Yambani ndi kudziwa chimene chinavulala

Kuvulala kumasiyana, ndipo nthawi yochira imasiyananso kutali. Mafinya a m'chiboda amatsimphinitsa hatchi koopsa, mwina mpaka kukaniratu kuponda pansi, koma akangotuluka hatchi imachira m'masiku kapena masabata owerengeka. Mtsempha wa kuseri kwa mwendo (osati wa magazi, koma wolumikiza mnofu ndi fupa), uja wotsika kuchokera kubondo kukafika pakakolo, umachita zosiyana ndi zimenezi, chifukwa ululu wake umatha msanga pamene kupola kwake kumatenga miyezi 9 mpaka 12, ndipo nthawi zina kupitirira apo. Malangizo ambiri m'nkhani ino akukhudza kuvulala kwa mtundu umenewu, popeza ndi kumene kumanyenga anthu kwambiri, komanso ndondomeko yake ikhoza kufupikitsidwa mosavuta pa kuvulala kocheperapo.

Miyendo yakutsogolo imanyamula pafupifupi magawo 60 pa magawo 100 alionse a kulemera kwa hatchi, ndipo mitsempha yake imatamuka ndi kubwerera nthawi iliyonse imene chiboda chaponda pansi. Mtsempha ukang'ambika, thupi silibwezeretsa ulusi wofanana ndi woyamba uja koma limaikapo chipsera, chomwe n'cholimba ndithu koma sichitamuka bwino. Zili ngati mphira womangira katundu pakaliyala ya njinga umene unaduka n'kuulumikiza: polumikizapo sipaduka, koma mphirawo umadzadukira pambali pake. N'chifukwa chake hatchi imene inavulalapo mtsempha imakhala pachiopsezo chovulalanso kwa moyo wake wonse. Chimene chimathandiza kuti ulusi wa chipseracho uyalane motsatira kutalika kwa mtsempha ndi kuyenda kochepa koma kwa tsiku ndi tsiku, kowonjezeredwa pang'onopang'ono. Kuitsekera m'khola miyezi yonse osaitulutsa n'kulakwitsa, monganso kuitayira kubusa kuti idzionere yokha.

Dokotala amene ali ndi makina a ultrasound, oonera m'kati mwa thupi, amaunika mtsemphawo poyamba, kenako pafupifupi miyezi itatu iliyonse, makamaka musanawonjezere ntchito ina yolemerapo. Mupempheni kuti akulembereni papepala dzina la chimene chavulala, kukula kwake, ndi tsiku limene adzaunikenso, kuti aliyense wogwira ntchito pakholapo azitsatira chinthu chimodzi. Kumadera kumene mahatchi ndi ochepa, monga ku Malawi kumene amapezeka m'malo owerengeka ngati ku Kande m'mphepete mwa nyanja, kupeza dokotala wozolowera mahatchi amenenso ali ndi makinawa si chinthu chapafupi. Ngati simungathe kuunikitsa, tengani nthawi yaitali pa nthawi zonse zimene zatchulidwa m'munsimu, chifukwa mukuyenda mosaona chimene chili m'kati mwa mwendo.

Unikani hatchi yonse, osati mwendo wokha

Miyezi ya m'khola imakalambitsa hatchi mofulumira, ndipo imaonetsa poyera matenda amene anabisala pamene inkagwira ntchito. Oyamba kuwaganizira ndi matenda a PPID, amene ambiri amawatcha Cushing's, omwe amagwira pafupifupi hatchi imodzi mwa mahatchi asanu alionse a zaka 15 ndi kupitirira. Zizindikiro zake ndi ubweya wautali wopotana umene suyoyoka nyengo yotentha ikafika, kuphwa kwa minofu ya pamsana pamene mimba ikulendewera, kumwa madzi ndi kukodza kwambiri, komanso mabala ochedwa kupola. Hatchi yodwala matendawa imagwidwa mosavuta ndi laminitis, kutupa kwa m'kati mwa ziboda kumene kumapweteka kwambiri. Dokotala amawapeza poyeza mlingo wa mahomoni otchedwa ACTH m'magazi, ndipo mankhwala a pergolide, omwa tsiku lililonse, amawachepetsa mphamvu ngakhale kuti sawachiritsiratu. Kuyamba ndondomeko ya miyezi yambiri musanayezetse matendawa pa hatchi yokalamba n'kutaya nthawi, chifukwa minofu imene mukufuna kumanga singamangike bwino pamene matendawo akuigumula.

Mano aonedwe kamodzi pachaka, ndipo kwa hatchi yokalamba kwenikweni kawiri. Mukapeza timipira ta udzu wotafuna titalavulidwa pansi m'khola, dziwani kuti mano sakupera bwino, ndipo mano akuthwa amachititsanso hatchi kulimbana ndi kachitsulo ka m'kamwa komangirirako zingwe zoiwongolera. Ziboda nazo sizileka kukula chifukwa chakuti hatchi ili patchuthi. Zisengedwe masabata 4 mpaka 6 alionse, ndipo mmisiri wa ziboda auzidwe mwendo umene unavulala, popeza chiboda chotalika kutsogolo ndi chofupika kuchidendene chimawonjezera kukoka pa zimene zikuyenera kupola.

Nkhani ya chakudya imafuna nzeru, chifukwa mahatchi okalamba amalowera mbali ziwiri zosiyana: ena amanenepa ali m'khola, ena amawonda mpaka nthiti kuonekera. Muyeso wa Henneke, umene unakonzedwa ku Texas m'chaka cha 1983, umagawa thupi la hatchi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo cholinga chanu chikhale 5, pamene nthiti sizioneka ndi maso koma zimamveka mosavuta mukasisita ndi dzanja. Maziko a chakudya ndi udzu, wokwana magawo 1.5 mpaka 2 pa 100 a kulemera kwa thupi patsiku, kutanthauza makilogalamu 7.5 mpaka 10 a udzu wouma kwa hatchi yolemera makilogalamu 500. Chakudya cha m'matumba chichepetsedwe pamene hatchi ili m'khola ndipo chibwezeredwe motsatira kukula kwa ntchito, ndipo kusintha kulikonse kutenge masiku 7 mpaka 10 kuti m'mimba musasokonezeke. Madeya, amene ambiri amathamangira chifukwa ndi otsika mtengo, ali ndi phosphorus wambiri ndi calcium wochepa, ndipo maudzu ena a kumadera otentha monga kikuyu ndi setaria amalepheretsa thupi la hatchi kuyamwa calcium. Ziwirizi zikaphatikizana kwa nthawi yaitali mafupa amafooka, choncho funsani dokotala za kuwonjezera calcium kapena kupereka pang'ono chomera chodyetsa ziweto chotchedwa lucerne.

Palinso nkhani ya mankhwala opha ululu. Phenylbutazone, amene m'makola amangomutcha bute, amathandiza m'masiku oyambirira, koma amabisa kutsimphina kumene mukuyenera kukuona, ndiponso akamwedwa nthawi yaitali amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Musaweruze kuti hatchi yachira kapena kuwonjezera ntchito ili pa mankhwalawa, pokhapokha dokotala atanena yekha kuti iziwamwa chifukwa cha nyamakazi imene inali nayo kale.

Kuiyendetsa pachingwe

Kwa mtsempha umene unavulala mwapakatikati, miyezi itatu yoyambirira ndi ya kuyenda kokha, munthu ataigwira pachingwe. Kawirikawiri amayamba ndi mphindi 5 mpaka 10 kawiri patsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono kufikira hatchiyo ikuyenda mphindi 30 mpaka 40 patsiku popanda vuto. Sankhani njira yowongoka, yosalala ndi yolimba bwino, osati mchenga wozama kapena matope, chifukwa chiboda chikamatitimira mtsempha umakokedwa kwambiri. Pokhota, khotani motakasa, osaizungulitsa pamalo amodzi. Kuyenda kwake kukhale kwachangu, kwa hatchi imene ikupita kwinakwake, osati kuyendayenda kodya udzu m'mbali mwa njira, ndipo mphindi ziwerengedwe ndi wotchi. Wosamalira amene watopa amaona ngati mphindi 6 zakwana 10, pamene wachangu amawonjezera yekha chifukwa chakuti hatchi ikuoneka yosangalala, ndipo onse awiriwa akuwononga ndondomeko.

Ntchito yofunika kuposa zonse imachitika m'mawa, hatchi isanatuluke m'khola. Imani pambali pake, ikani dzanja pabondo la mwendo umene unavulala, ndipo litsitseni pang'onopang'ono kuseri kwa fupa, mtsempha uli pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, mpaka mufike pakakolo. Mtsempha wabwino umamveka wozizira, wolimba ndi woonekera bwino m'mphepete mwake. Chitani chimodzimodzi pa mwendo winawo ndi dzanja lomwelo, chifukwa kutentha kochepa kumadziwika pokhapokha mukayerekeza. Kenako nyamulani chibodacho kuti mtsempha ufewe, ndipo mufinye pang'ono kuyambira pamwamba mpaka pansi, maso anu ali pankhope ya hatchi kuti muone ngati ikunyamula mutu kapena kukoka mwendo. Pomaliza ikani zala kuseri kwa kakolo, pamene mtsempha wa magazi umadutsa, ndipo ngati kugunda kwake kukumveka mwamphamvu kuposa masiku onse, m'chiboda muli vuto. Mahatchi okalamba amatupa miyendo yonse yakumbuyo akaima usiku wonse, ndipo kutupa kumeneku kumaphwa akayenda pang'ono. Choopsa ndi kutupa kwa mwendo umodzi, pamalo amodzi, kotentha kapena kopweteka. Mukapeza zotere, thirani madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 15 mpaka 20, lekani kuwonjezera ntchito, ndipo itanani dokotala. Zimene mwapeza zilembedwe m'kope tsiku lililonse, ngakhale mawu awiri okha, ndipo ndi bwino kuti woyeza akhale munthu mmodzimodzi, amene dzanja lake lazolowera mwendowo.

Musaiwale kuti hatchi yofatsa kwambiri imasanduka ina ikakhala m'khola masabata ambiri. Imatha kudumpha, kumenya mateche ndi kuthawa m'manja, ndipo kulumpha kumodzi kokha n'kokwanira kubweza m'mbuyo ntchito ya miyezi iwiri. Woyendetsa avale chipewa cholimba, magolovesi ndi nsapato zotseka, ndipo aigwire ndi zingwe zokhala ndi kachitsulo ka m'kamwa ngati chingwe cha pamutu chokha sichikukwanira. Ntchito imeneyi isapatsidwe kwa ophunzira, ngakhale atapempha chotani chifukwa choikonda. Nthawi yoitulutsa kubusa ikakwana, yambani ndi kampanda kakang'ono kosalola kuthamanga, pafupi ndi hatchi inzake yodekha, ndipo ngati mukukayika, dokotala akhoza kuipatsa mankhwala oiziziritsa mtima pa masiku oyamba.

Kuikwera koyamba

Musanaike chishalo chakale pamsana, chiyeseni ngati kuti n'chatsopano. Minofu ya m'mbali mwa msana imaphwa hatchi ikakhala osagwira ntchito, ndipo pa yokalamba imachedwa kubwerera, kotero kuti chishalo chimene chinkakhala bwino chaka chatha tsopano chimatsika n'kukanikiza fupa lotumphuka la pakati pa mapewa. Chiikeni pamsana popanda chofunda, mangani lamba, ndipo onani ngati zala ziwiri kapena zitatu zikulowa pakati pa fupalo ndi kutsogolo kwa chishalo, poyamba chili chopanda munthu, kenako wokwera atakhalapo. Lowetsani dzanja pansi pake kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo kuti mumve ngati pali pamene chikukanikiza kwambiri kapena pamene sichikugunda konse. Kuunjika zofunda pansi pa chishalo chothina kumangowonjezera kuthinako. Popeza msana udzapitiriza kusintha pamene minofu ikubwerera, chishalocho chiyesedwenso pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Woyamba kuikwera akhale munthu wodziwa, wopepuka thupi, wa manja odekha, amene angamve ndi thupi lake kuti phazi lina silikuponda mofanana ndi linzake. Dokotala akaunika n'kuvomereza, kawirikawiri pakatha miyezi itatu, hatchi imayamba kuyenda itanyamula munthu kwa mphindi 15 kapena 20, ndipo nthawiyo imakwera mpaka mphindi 40 kapena kupitirirapo m'miyezi itatu yotsatira. Liwiro lachiwiri, limene okwera amalitcha trot, limalowa cha m'mwezi wachisanu ndi chimodzi, kuyambira ndi mphindi imodzi kapena ziwiri zogawidwa m'zidutswa, m'njira yowongoka, n'kumawonjezera zosapitirira mphindi 5 pa masabata awiri alionse. Liwiro lachitatu la canter limadikira mpaka cha m'mwezi wa 9. Manambalawa ndi chitsanzo chabe cha ndondomeko imene madokotala ambiri amatsatira, ndipo dokotala amene waona hatchi yanu akhoza kuwasintha. Chimene sichisintha n'chakuti muziwonjezera chinthu chimodzi pa nthawi imodzi: ngati sabata ino mwawonjezera mphindi, musawonjezerenso liwiro kapena kuyamba kukwera zitunda, chifukwa mwendo ukatentha simudzadziwa chimene chautenthetsa. Mtima umalimba m'masabata ochepa, minofu imatsatira, koma mitsempha ndi mafupa zimabwera pambuyo penipeni, ndiye hatchi imamva mphamvu zothamanga miyendo yake isanakonzeke.

Kamodzi pasabata, makamaka tsiku limene mukufuna kuwonjezera ntchito, yesani mayendedwe ake pamalo olimba ndi osalala. Munthu mmodzi aithamangitse pa trot molunjika kuchoka pamene mwaima ndi kubwerera, chingwe chili chomasuka kuti mutu uziyenda wokha. Ikamabwera kwa inu yang'anani mutu, chifukwa hatchi yopweteka mwendo wakutsogolo imakweza mutu pamene mwendo wopwetekawo ukuponda, n'kuutsitsa pamene wabwino ukuponda. Ikamapita yang'anani chiuno kuti muone za miyendo yakumbuyo, pakuti mbali imene ili ndi vuto imakwera ndi kutsika kwambiri kuposa inzake. Tcheraninso khutu, chifukwa pamalo olimba chiboda chopweteka chimagunda mopepuka, ndipo nthawi zina khutu limamva kusiyanako maso asanakuone. Kujambula kanema ndi foni sabata iliyonse, mutaima pamalo amodzimodzi, kumathandiza kuona kusintha kumene munthu wokhala ndi hatchiyo tsiku ndi tsiku sangakuzindikire, ndipo kanemayo akhoza kutumizidwa kwa dokotala amene ali kutali.

Ululu wina suoneka pa kutsimphina konse koma pa khalidwe. Dokotala wa ku Britain Sue Dyson ndi anzake anasindikiza m'chaka cha 2018 mndandanda wa makhalidwe 24 a hatchi imene yakweredwa, ndipo anapeza kuti yoonetsa 8 kapena kupitirira mwa amenewa kawirikawiri imakhala ikumva ululu m'mafupa kapena m'minofu. Ena mwa makhalidwewa ndi kukhala kanthawi itagoneka makutu kumbuyo, kuyasamula kukamwa mobwerezabwereza, kutulutsa lilime, kupendeketsa mutu, kukupiza mchira mwaukali, kukhwekhwereza ziboda zakumbuyo, kupunthwa, ndi kukana kupita patsogolo. M'masukulu ambiri zimenezi zimatchedwa ulesi kapena mwano, ndipo wophunzira amauzidwa kuti aimenye ndi zidendene. Hatchi imene kwa zaka 10 sinakanepo kalikonse ikayamba kugoneka makutu poona chishalo, sikuti yaphunzira mwano ili m'khola ayi.

Kubwerera kwa ophunzira

Anthu ambiri amaganiza kuti phunziro la oyamba kumene ndi ntchito yopepuka, popeza hatchi sithamanga kwambiri kapena kudumpha. Kunena zoona, kwa mwendo umene wangopola kumene ndi ntchito yolemetsa kuposa ulendo wautali wa m'tchire. M'bwalo hatchi imakhota pakangopita masekondi ochepa, ndipo kuzungulira kumalemetsa mbali imodzi ya mwendo ndi kupotokola molumikizana mafupa. Wophunzira amene sanadziwe kukhazikika amagwera pachishalo mwamphamvu pa trot, amapendekera mbali imodzi, ndipo amadzigwirira ndi zingwe za kukamwa. Kuwonjezera apo, hatchi imaima nthawi yaitali pamene mphunzitsi akufotokoza, minofu n'kuzizira, kenako n'kuuzidwa mwadzidzidzi kuti ithamange. Phunziro limene mphunzitsi amaima pakati n'kumaizungulitsa pachingwe chachitali ndilo loipitsitsa pa onse, ndipo likhale lomaliza kubwezeretsedwa, kapena lisabwezeretsedwe n'komwe. Pachifukwa chimenechi, hatchi isapatsidwe wophunzira kufikira itatha masabata angapo ikugwira ntchito ya m'bwalo, yokhala ndi kukhota kotakasa, pansi pa wokwera wodziwa uja, mwendo uli wozizira m'mawa uliwonse.

Oyamba kuikwera asakhale ophunzira atsopano koma apakatikati, opepuka, amene amatha kale kunyamuka ndi kukhala motsatira trot ndiponso kumvera akauzidwa kuti aime. Ana aang'ono amene amangoyenda wina atawagwirira chingwe akhozanso kuyamba msanga, chifukwa ndi opepuka ndipo wowongolera ndi munthu wamkulu. Lamulo lodziwika ndi lakuti wokwera pamodzi ndi chishalo asapitirire magawo 20 pa 100 a kulemera kwa hatchi, koma kwa yokalamba imene yangochira ndi nzeru kukhala pafupi ndi 15, kutanthauza makilogalamu 75 pa hatchi ya makilogalamu 500. Kufunsa munthu kulemera kwake n'kovuta pachikhalidwe, makamaka akakhala mlendo kapena wamkulu, koma vutoli limachepa ngati sikelo ili poonekera ndipo aliyense amakwerapo polembetsa. Aliyense akwere pogwiritsa ntchito chopondera chokwezeka, osati kuchokera pansi, popeza munthu wodzikoka kuchokera pansi amapotokola chishalo ndi msana womwe.

Yambani ndi phunziro limodzi patsiku, la mphindi 20 mpaka 30, masiku awiri kapena atatu pasabata, ndipo masiku apakati akhale a kuyenda pang'ono kapena kukhala kubusa, chifukwa hatchi ya nyamakazi imauma thupi ikangoima. Wosamalira kapena wokwera wodziwa aiyendetse mphindi 10 mpaka 15 wophunzira asanafike, ndipo phunziro litha ndi kuyenda kwa mphindi zingapo. Gwiritsani ntchito bwalo lonse, sinthani mbali yozungulira kawirikawiri, ndipo pa nthawi yofotokoza hatchi iziyenda m'malo moima. Nyengo iganiziridwenso, popeza m'miyezi yotentha ngati Okutobala ndi Novembala kumadera athu nthaka imauma gwa ndipo hatchi yokalamba, makamaka ya ubweya wambiri, imavutika kuziziritsa thupi, choncho maphunziro ake akhale a m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Dziwani manambala ake ikakhala ikupumula: mtima umagunda ka 28 mpaka ka 44 pamphindi, imapuma ka 8 mpaka ka 16, ndipo kutentha kwa thupi kumakhala madigiri 37.5 mpaka 38.5. Ngati pakatha mphindi 10 kapena 15 chithere phunziro ikupumabe mwawefuwefu, ntchitoyo yaikulira.

Amene amagwira ntchito m'makola a ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amasamalira mahatchi, akudziwa kuti katemera wa matenda a African horse sickness amabayidwa kawiri motalikirana masabata atatu, pakati pa 1 Juni ndi 31 Okutobala, ndipo m'masabata amenewa eni mahatchi ambiri amawapeputsira ntchito. Konzani ndondomeko yanu kuti kuwonjezera ntchito kusagwere pa nthawi ya katemerayu. Kutentha thupi kulikonse, kaya kwadza ndi katemera kapena ndi matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa, kumatanthauza kuti hatchi isakweredwe kufikira dokotala atavomereza.

Mukafika apa, wonjezerani phunziro limodzi lokha pakatha masabata awiri kapena atatu alionse, ndipo pitirizani kuyeza mwendo m'mawa monga kale, makamaka tsiku lotsatira phunziro. Mukapeza kutentha kapena kutupa pang'ono, bwererani pa mlingo umene hatchi inali bwino ndipo mukhalepo sabata yathunthu. Vuto likabwera kawiri pa mlingo umodzimodzi, umenewo ndiwo malire a hatchiyo, ndipo palibe chifukwa choyeseranso kachitatu. Mahatchi ena okalamba amabwerera pa ntchito yonse imene ankagwira, koma ambiri amathera pa ntchito yocheperapo, monga kuyenda ndi trot popanda kudumpha, kunyamula ana okha, kapena kuphunzitsira anthu kupesa, kumanga chishalo ndi kutsogolera hatchi ali pansi, zomwenso ndi maphunziro amene sukulu ikhoza kulipiritsa. Malire amene mwapezawo alembedwe pachitseko cha khola ndiponso m'buku lolembera maphunziro: chiwerengero cha maphunziro pasabata, kulemera kwa wokwera, liwiro lololedwa, ndi dzina la munthu mmodzi yekha amene ali ndi mphamvu zosintha zimenezi. Popanda kutero, Loweruka lina ophunzira atachuluka ndipo hatchi ina itadwala, mphunzitsi amene sanaone kuvulalako adzaitulutsa kachitatu pa tsiku limodzi, ndipo iyo sidzakana.